Chitenje cha Nkhanga

MUTU 6

1. Kwa amake mzungu

Ku Chinsapo ukafunsa nyumba ya a Zipora, anthu ankakanda m'mutu. Koma ukangoti, "kwa amake mzungu," ngakhale kamwana kosavala kankakulozera. Kanali kanyumba ka zidina kuseri kwa chigayo, kamene malata ake akale adawatsindira ndi miyala kuti mphepo isawanyamule.

Mzungu ankanenedwayo anali Jacinta, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Khungu lake linali ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Tsitsi lake linali lofewa, lopotanapotana, losamvera chipeso chilichonse cha m'nyumbamo. Koma chimene chinkaimitsa anthu panjira anali maso ake. Anali otuwira ngati madzi a mvula m'ndowa, ndipo dzuwa likawawomba ankabiriwira pang'ono.

Amayi ake, a Zipora, anali akuda bii, aafupi, osalankhulalankhula. Kwawo kunali ku Ntcheu. Ntchito yawo inali kuswa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Likuni. Ankakhala pansi atatambasula miyendo, hamala m'manja, kuphwanya miyala ikuluikulu mpaka isanduke timiyala timene omanga nyumba amagula. Zikhatho zawo zinali zong'ambikang'ambika ngati dambo la mu Okutobala.

Za abambo ake Jacinta ankadziwa dzina lokha, Ralph. Akafunsa zambiri, amayi ake ankangoti, "Anapita kwawo," n'kupitiriza zimene akuchita. Tsono mtsikanayo adawaumba yekha abambo akewo. Adawapatsa nyumba ya mawindo aatali m'dziko lozizira, adawapatsa jekete la buluu ndi mtima wosweka wofunafuna mwana wawo. Ndege ikamadutsa pamwamba pa Chinsapo, iye ankatula ndowa n'kuiperekeza ndi maso mpaka izimirire m'mitambo.

Atakhoza bwino mayeso a Sitandade 8, amayi ena a mpingo adamupezera malo pa sukulu yolipira ya ku Area 47. Kumeneko adaona chodabwitsa. Khungu lomwe ku Chinsapo ankamuseka nalo kuti "mzungu wodya bonya," kusukuluko linkamutsegulira zitseko. Tsiku loyamba lomwelo Jemima, mwana wa mwini malole, adamukokera pa desiki yake n'kumufunsa ngati dadi ake ali ku UK.

Jacinta adangogwedeza mutu movomera.

Bodzalo sadalifese iye, koma adalithirira. Pofika Fomu 2, m'chaka cha 2006, kalasi yonse inkadziwa kuti Jacinta amakhala m'nyumba ya mpanda, kuti mami ake amayendayenda kunja, ndi kuti sakonda kubwera pagalimoto chifukwa dokotala adamuuza kuti aziyenda pansi. Chimene sankadziwa n'chakuti m'mawa uliwonse, akangowoloka msewu wa ku Mchinji, ankabisala kuseri kwa mtengo n'kupukuta fumbi lofiira la ku Chinsapo pa nsapato zake.

2. Pakhonde la atelala

Kumapeto kwa Okutobala ahedi adalengeza tsiku la mphoto. Jacinta adaposa anzake onse pa Chingerezi ndi pa Bayoloje. Ahedi adati wolandira mphoto aliyense abwere ndi makolo ake Lachisanu.

Kunyumba Jacinta sadanene kanthu. Koma siketi yake ya yunifolomu inali itafupika, ndipo adaitengera kwa amalume ake, a Saulos, amene ankasoka pakhonde la golosale pamsika wa Chinsapo. Iwowa anali achimwene a amayi ake, ndipo ndiwo adakamulembetsa kusukulu kuja atavala suti yawo ya ku maukwati.

A Saulos adayang'ana mpendero, nati abwere Loweruka. Jacinta adati ikufunika Lachinayi. Iwo adafunsa kuti kodi Lachisanu kuli ukwati wa ndani, ndipo mtsikanayo, posafuna kuti siketi ichedwe, adaulula za mphoto zija.

Amalume ake adasangalala mpaka kuitana mwini golosale kuti amve. Kenaka adafunsa ngati amayi ake akonza kale chovala. Jacinta adayang'ana pansi. Adati amayi alibe nthawi, adati kumeneko kumalankhulidwa Chingerezi chokhachokha, adatinso mipando imachepa.

A Saulos adasiya kuponda makina. Adavula magalasi, nachotsa nsalu pa benchi.

"Khala apa, Jacinta. Siketi siithawa.

"Mwambi uja wa mako ndi mako sindikuuza ayi. Unaulemba kale pa mayeso ndipo unakhoza. Ine ndikuuza zimene ndinaona ndi maso angawa.

"Unali khanda, usanayambe n'kukhala komwe. Tinkapita nawe ku Ntcheu kukakuonetsa kwa abale. Amayi ako anakubereka m'chitenje cha nkhanga chija amasunga pansi pa sutikesi. Tili pa depoti, mphepo inakuvula kachipewa. Mayi wina wogulitsa nthochi anaona tsitsi lakolo, basi n'kukuwa kuti wantchito waba mwana wa azungu. Anthu a pa depoti umawadziwa iwe. Onyamula katundu, ogulitsa mazira, oyenda ulendo, onse anatizinga. Wina anandigwira pakhosi ine. Wina anayamba kumasula mfundo ya chitenje kuti akulande. Anatifunsa khadi la kusikelo, ife tinali titaliiwala kunyumba.

"Amayi ako sanalire, sanatukwane munthu. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, anakutembenuzira kutsogolo, n'kutulutsa bere. Iwe unalilandira ngati palibe chikuchitika, kadzanja kako kakuseweretsa mkanda wa m'khosi mwawo. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kumbali. Mayi wanthochi uja anabwera ndi phava la nthochi kudzapepesa. Amayi ako sanalandire. Anangomuuza kuti, m'mimba ndi m'chipala, mayi.

"Kuyambira pamenepo funso limenelo lawatsata ngati ntchentche. Kusikelo, kutchalitchi, m'minibasi. Mwanayu ndi wa ndani? Abwana ako ali kuti? Iwo yankho lawo silisintha: ndi wanga, ndinabereka ndekha. Analipo anthu ena amene ankafuna kukutenga usanabadwe n'komwe. Zimenezo si zanga, adzakuuza eni ake. Koma dziwa kuti miyala akuswayi anaisankha, inalipo njira ina yofewa.

"Tsono tamvera. Lero wakula, bere loti akaonetse anthu palibe. Umboni wawo wonse watsala pakamwa pakopo. Iwe ukati ndi amayi anga, dziko livomera. Tsiku limene udzawakane, palibenso munthu adzawakhulupirira, ndipo adzakhala mayi wopanda mwana iwe uli moyo."

"Koma sindinawakane, amalume," adatero Jacinta ndi mawu otsika.

"Sunawaitane," adayankha a Saulos, akuvalanso magalasi. "Njira yake imayambira pamenepo. Ukapanda kuwauza, ndiwauza ine."

Ndipo adawauzadi madzulo a tsiku lomwelo.

3. Nsapato zobwereka

Lachinayi Jacinta pochokera kusukulu adaona chitenje cha nkhanga chili pachingwe. Chinali cha buluu wosuluka, chokhala ndi nkhanga zamawangamawanga zoyenda mondondozana. M'mbali mwake chinali chitayamba kusosoka, ndipo pakati pake panali popyapyala, pamene kale pankakhala msana wa mwana.

Amayi ake adaweruka msanga tsiku limenelo. Anali pakhonde akukwecha zidendene ndi mwala. Pambali pawo panali nsapato zakuda zimene adabwereka kwa mayi woyandikana nawo, zazikulu pang'ono, atazitsendera mapepala kutsogolo. Sadamufunse chifukwa chimene adabisira nkhaniyo. Nkhope yawo inali yowala ngati ya mtsikana.

Jacinta adayesa njira zonse. Adati kusukulu n'kutali, dzuwa liwapweteka. Adati Lachisanu ndi tsiku limene malole amabwera kudzagula miyala. Potsiriza adati, "Amayi, kumeneko simukamva kanthu. Zonse amalankhula m'Chingerezi."

"Nthungululu ilibe Chingerezi, mwanawe," adayankha a Zipora akuseka.

Pamenepo mtsikanayo adawapempha chinthu chimodzi: akakhale kumbuyo, ndipo asakachite phokoso, chifukwa makolo a kumeneko amangowomba m'manja. Amayi ake adamuyang'ana, nati akakhala pamene akawakhazike. Kenaka adamuitana kuti amupese tsitsi. Adalipesa pang'onopang'ono ndi zala, monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono, zikhatho zawo zokakala zikukodwa m'tsitsi lofewalo.

4. Lachisanu

Pabwalo la sukulu adakhoma matenti oyera. Majakaranda anali atayoyola maluwa, ndipo pansi ponse panali pofiirira ngati ayalapo nsalu. Magalimoto adandandalika mpaka kunja kwa mpanda. Amayi a zipewa zazikulu ankadzikupiza ndi mapepala, abambo a matayi akuyang'anayang'ana mafoni awo.

Mlendo wolemekezeka anali Mayi Gordon, mzungu wa imvi amene adakhala m'Malawi zaka zambiri ndipo ankathandiza sukuluyo ndi mabuku. Adavala magalasi akuda chifukwa cha dzuwa. Woyendetsa mwambo anali a Maxon, mphunzitsi wa Jogalafe, munthu wosatha mphindi osaponya nthabwala.

Jacinta adakhala pafupi ndi Jemima. Mnzakeyo adamufunsa ngati mami ake afika, iye nati ndege yachedwa. Adatembenuka kamodzi kokha. Kumbuyo kwenikweni, kunja kwa mthunzi wa tenti, adaona duku loyera la amayi ake. Sadatembenukenso.

Mayina adayamba kuitanidwa. Mwana ankapita, anthu n'kuwomba m'manja mwaulemu, kholo n'kujambula chithunzi. Zonse zinkayenda mwadongosolo ngati mapemphero.

Kenaka a Maxon adaitana dzina la Jacinta, natchula mphoto ziwiri.

Iye adaimirira. Asanayende mapazi angati, nthungululu idang'amba bwalo lonse. Inali nthungululu yeniyeni ya ku Ntcheu, yaitali, yonjenjemera, yoti mbalame za m'majakaranda zidauluka. Mitu yonse idatembenuka.

A Zipora ankathamanga pakati pa mipando. Lonjezo lija adaliiwala. Nsapato imodzi idavuka, iwo osaitola. Atafika kutsogolo adamasula chitenje cha nkhanga chimene adamanga pamwamba pa diresi, nachiyala pansi, pakati pa mwana wawo ndi masitepe okwerera pa nsanja. Kwawo amatero. Munthu amene wabweretsa ulemu pamtundu saponda fumbi, amayenda pa nsalu ya amayi ake. Adagwada pambali, akuwomba m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

Ana ena adayamba kuseka. Jemima adagwira pakamwa. Mlonda adabwera mothamanga kuti awachotse, koma a Maxon adamuletsa ndi dzanja. Adatsika pa nsanja maiki ili m'manja, akumwetulira. Adayang'ana mayi wakuda wa phazi limodzi losavala, adayang'ana mtsikana woyera wa maso otuwa, ndipo adaganiza zomwe anthu a pa depoti adaganiza.

"Taonani chikondi, makolo," adatero. "Jacinta, awa ndi antchito a kunyumba eti? Ndiwo anakulera?"

Adamuikira maiki pakamwa.

Panalibe choipa mumtima mwa a Maxon. Funsolo linali losavuta, ndipo yankho loona linali la mawu atatu okha. Jacinta adaona Jemima akumuyang'ana. Adaona zipewa zija, magalimoto aja, phazi la amayi ake lili ndi ming'alu imene mwala udalephera kuchotsa. Adamva mawu a amalume ake ngati akuchokera kutali, kutsidya la mtsinje.

"Ee, sala," adatero. "Ndi antchito athu."

Adalankhula motsitsa, koma zimkuzamawu sizidziwa kunong'ona. Mawuwo adatuluka m'makona onse a bwalo, nagunda khoma la holo, nabwereranso.

"Tiwawombere m'manja," adatero a Maxon. "Antchito okhulupirika otere akusowa masiku ano."

Ndipo anthu adawomba m'manja kwambiri, kuposa mmene adawombera mwana aliyense tsiku limenelo.

Jacinta adalambalala chitenje chija, osachiponda, nakwera masitepe.

Ali pamwamba adaona zonse. Amayi ake adadzuka pang'onopang'ono. Adapinda mawondo kuthokoza anthu owomba m'manjawo, monga amachitira wantchito akapatsidwa malaya akale. Atadzutsa mutu, maso awo adagwera pa mlendo wolemekezeka, ndipo adauma ngati aona njoka. Kenaka adatembenuka, natola nsapato ija, nachoka mofulumira ali nayo m'manja. Chitenje adachisiya pomwepo.

Mayi Gordon adamupatsira Jacinta mabuku, koma sadawataye msanga. Adamuyang'anitsitsa kumaso, kenaka adayang'ana duku loyera limene linkatuluka pageti. Milomo yawo idagwedera ngati akutchula dzina, koma m'manja munali mukuwombedwabe ndipo Jacinta sadamve.

Mwambo utatha, Jemima adamukumbatira nati antchito akewo ndi oseketsa, awabwereke tsiku la phwando lake. Jacinta adadzimasula n'kuthamangira kutsogolo kuja. Pansi panali maluwa opondedwa okhaokha. Chitenje panalibe. Adafunsa mlonda, adafunsa okolopa, palibe adachiona.

5. Pamulu wa miyala

Ulendo wobwerera udatalika kuposa masiku onse. Mabuku aja ankalemera ngati njerwa. Pa mtengo paja ankapukutira nsapato sadaime.

Kunyumba adapeza chitseko chotseka. Adapitirira mpaka kumsewu wa ku Likuni. Dzuwa linali litapendeka, ndipo amayi oswa miyala anali pa milu yawo, mahamala akulira mosinthanasinthana. A Zipora anali pamalo pawo. Sadasinthe n'komwe diresi la kutchalitchi, ndipo linali litayera kale ndi fumbi. Nsapato zobwereka adaziika bwinobwino pa pepala.

Jacinta adagwada, naika mabuku patsogolo pawo. Adati zidangomupulumuka. Adati adachita mantha. Adati a Maxon ndiwo adayambitsa. Amayi ake adapitiriza kuswa mpaka mwala umene unali pakati pa miyendo yawo udatha. Kenaka adaika hamala pansi.

"Chotsa mabukuwo, achita fumbi," adatero. "Sindikukalipira, Jacinta. Ndipo sunaname kwambiri. Ndinali wantchito ine. Usanabadwe ndinkalera ana m'nyumba ina ku Area 10. Ndinawasambitsa, ndinawabereka kumsana, akadwala ndinkagona pansi pafupi ndi bedi lawo. Ankandikonda ana aja. Koma ankandiitana Zipora, ngati mnzawo wosewera naye. Akagwa ankathamangira kwa ine, akapeza mphoto ankathamangira kwa amayi awo. Sindinkadandaula, ntchito yake ndi yotero.

"Nditakunyamula iwe tsiku loyamba, ndinati basi, ndapeza wanga. Uyu akagwa adzabwera kwa ine, akapambananso adzabwera kwa ine. Anthu anandiseka, abale ena anandisala, amuna ofuna banja ankabwerera pakhomo akakuona. Zonsezo sizinandipweteke, chifukwa madzulo kunali kamunthu kondiitana amayi. Chuma changa chinali chimenecho. Lero ndinapita kukachionetsa kwa anthu, kamodzi kokha."

Adatola timiyala tiwiri, natigunditsa pamodzi, tidagwa padera.

"Wapepesa, ndamva. Koma anthu aja apita kwawo. Ukawasonkhanitsa bwanji kuti amve kupepesako?"

Jacinta adalira. Amayi ena aja adachepetsa kuswa, akumvetsera chamseri. Nkhani inali itawafika kale.

Nthawi yomweyo galimoto yoyera idapatuka pamsewu n'kuima pafupi ndi milu. Palibe adadabwa, chifukwa ogula miyala amaima chomwecho. Koma amene adatsika sanali womanga nyumba. Anali Mayi Gordon, ndipo m'manja mwawo munali chitenje cha nkhanga, chopindidwa bwinobwino.

Adati adafunsa kwa ahedi, ahedi nawauza kuti mtsikanayo amachokera ku Chinsapo. Atafika pamsika adangofunsa za mwana woyera, ndipo ana adawathamangira patsogolo akuimba kuti kwa amake mzungu. Chichewa chawo chinali chomveka, chongolemera lilime.

A Zipora sadaimirire.

"Zipora," adatero Mayi Gordon. "Chitenje ichi ndinakugulira ine, Khirisimasi yomaliza ija. Ndachizindikira chisanafike n'pansi pomwe." Adayandikira pang'ono. "Unatumiza uthenga kuti mwana sanakhale moyo. Tinalira maliro m'nyumba mwanga. Mchimwene wanga sanakhalenso munthu kuyambira pamenepo."

"Munati akangobadwa mumutenga, dona," adayankha a Zipora, maso ali pa miyala. "Munati akakulira kwanu, ine ndizidzamuona pa zithunzi."

Mayi Gordon adavula magalasi akuda aja kuti apukute misozi. Jacinta adadzidzimuka. Maso amene ankamuyang'anawo anali otuwira ngati madzi a mvula m'ndowa, ndipo dzuwa la madzulo linkawabiriwitsa pang'ono. Moyo wake wonse adali asanawaonepo pa nkhope ya munthu wina.

"Ndiuze zoona, Zipora. Mtsikanayu ndi wa ndani?"

Mahamala onse adaleka. Amayi oswa miyala ankalidziwa funso limenelo, ndipo ankalidziwanso yankho lake. Adalimvapo kambirimbiri, kwa ogula miyala, kwa oyendetsa malole, kwa alendo ongodutsa. Ena adayamba kale kulinong'ona: ndi wanga, ndinabereka ndekha.

A Zipora adatola hamala, nasankha mwala wina, naukhazika pakati pa miyendo.

"Mufunseni mwini wake, dona," adatero. "Ine ndine wantchito."

Jacinta adamva ngati hamalayo yagwera pachifuwa pake. Adaimirira, natenga chitenje chija m'manja mwa mlendoyo, nachikumbatira.

"Ndi amayi anga," adatero. "Ndi amayi anga ondibereka."

Anali mawu omwe aja amene bwalo lonse likadawamva m'mawa. Tsopano amene adawamva anali amayi ochepa a fumbi m'nsidze, ndi mbuzi imene inkadya makoko pamsewu. A Zipora sadadzutse mutu. Hamala idatsika, mwala udasweka, hamala idakweranso.

Mayi Gordon adagwira phewa la mtsikanayo mwamantha, ngati chinthu choti chingasweke.

"Ndiye kuti ndine azakhali ako," adatero. "Abambo ako ndi Ralph, mchimwene wanga."

Jacinta adafunsa ngati kwawoko makalata amafika, ndi ngati ndege imatenga masiku angati.

"Ndege?" Mayi Gordon adamuyang'ana modabwa. "Ralph sanapite kulikonse, mwanangu. Zaka zonsezi ali pa esiteti ku Namitete, pompa apa. Akudwala kwambiri, ndipo madokotala atiuza kuti mvula ya chaka chino mwina saiona." Adapita pa galimoto, natsegula chitseko chakumbuyo. "Tikanyamuka tsopano, tifika kusanade."

Jacinta adayang'ana chitseko chotsegukacho. Adayang'ana amayi ake. Hamala inali m'mwamba, ndipo sinkatsika.